Mlendo M'matumbo: Mapulobayotiki ndi Ana a M'mayiko Osauka

Amene anakulira pamudzi amadziwa kuti thobwa saphika tsiku lomwera. Mayi amatereka madzi chakumadzulo, n'kuphika phala la mgaiwa, n'kuliphula kuti lipoleko. Akaona kuti lafika pofunda, poti chala chingapirire, amawazamo chimera cha mawere n'kuyamba kutakasa. Phala lomwe linali gwaa limafewa mukuona mpaka kusanduka lamadzimadzi. Kukacha limakhala lili tseketseke, loti mwana amamwa akunyambita milomo. Likagonanso m'mbiya limayamba kuwawasa, timathovu tikukwera pamwamba. Likapitirira masiku, agogo amaliika patali ndi ana, amati lakula, lasanduka la akuluakulu.

Chosungunula phala lija ndi chimera, koma chowawasitsa ndi china: tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi yisiti, timene timadya shuga wa m'phalamo n'kutulutsa asidi. Abale a tizilombo tomweti ndi amene lero akugulitsidwa m'mafamase a m'tauni, atatsekeredwa m'makapisozi ndi m'timapaketi tokongola tochokera kunja, pamtengo umene kwa ambiri ndi ndalama ya ndiwo ya masiku angapo. Dzina lawo ndi mapulobayotiki. Otsatsa malonda amati amakonza m'mimba, amaletsa kutsekula, amalimbitsa chitetezo cha m'thupi.

Ngati zilidi choncho, ofunika thandizoli kwambiri si anthu a ku London kapena ku Tokyo. Chaka chilichonse ana oposa 400,000 osakwana zaka zisanu amamwalira ndi matenda otsekula m'mimba, ambiri mwa iwo mu Africa muno ndi kumwera kwa Asia. Ku Malawi, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse ndi okwinimbira. Koma kodi chimene chinapangidwira matumbo a kumeneko chingagwire ntchito m'matumbo a mwana wa ku Nsanje, wa ku Dhaka kapena wa ku Mwanza? Kwa zaka zoposa 20 funsoli lakhala likuyesedwa, ndipo mbali yaikulu ya yankho lake inachokera kwathu konkuno.

Kachilombo kabwino

Mawu akuti kachilombo amatizizitsa nkhongono, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Kusukulu nakonso tinaphunzira kuti tizilombo ndi adani: sambani m'manja, wiritsani madzi, vindikirani chakudya. Zonsezo n'zoona. Chimene sitinauzidwe mokwanira n'chakuti thupi la munthu wabwinobwino ndi mudzi wa mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ndipo ambiri amakhala m'matumbo aakulu. Kumeneko amagwira ntchito zimene thupi palokha silingathe. Amagaya gaga ndi ulusi wa m'masamba, m'nyemba ndi m'zipatso umene mimba yaulephera, n'kutulutsa zinthu zodyetsa khungu la m'kati mwa matumbo. Amapanga mavitamini ena, monga K ndi ena a gulu la B. Amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mbale ndi mdani. Ndipo poti anadzaza kale malo, kachilombo koyambitsa matenda kakafika kamasowa pokhala.

Ganizo lakuti munthu angamwe mabakiteriya ngati mankhwala analitchukitsa ndi Élie Metchnikoff, wasayansi wa ku Russia yemwe ankagwira ntchito ku Pasteur Institute mumzinda wa Paris ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1908. Iye ankakhulupirira kuti alimi a ku Bulgaria amafika pokalamba kwambiri chifukwa chomwa mkaka wosasa. Ku Japan, Minoru Shirota anapatula bakiteriya wake mu 1930, ndipo pofika 1935 chakumwa cha Yakult chinali pamsika. M'zaka za m'ma 1980, ku Boston, Sherwood Gorbach ndi Barry Goldin anapatula wina m'matumbo a munthu wathanzi n'kumutcha GG, potengera zilembo zoyamba za mayina awo. Onani kumene onsewa anachokera: ku Ulaya, ku Japan, ku America.

Mu 2001 akatswiri oitanidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO anagwirizana tanthauzo la pulobayotiki, ndipo lili ndi mfundo zitatu. Tizilomboto tikhale tamoyo, timwedwe pamlingo wokwanira, ndipo pakhale umboni wakuti timathandizadi womwayo. Mfundo yachitatuyi ndi imene ambiri amailumpha.

Dzina la bakiteriya wotere limakhala ndi zigawo zitatu, monga Lactobacillus rhamnosus GG: mfunda, banja ndi dzina la mwiniwake. Botolo longolemba kuti muli Lactobacillus lili ngati uthenga wakuti ndakutumizirani a Phiri adzakuthandizeni. A Phiri ake ati? Okonza njinga kapena azamba? Mabakiteriya awiri a banja limodzi angasiyane ntchito kutalitali, choncho umboni wa mmodzi sungabwerekedwe kwa mnzake.

Matumbo amatsata mbale

Mu 2010 ofufuza a ku Italy anayerekeza chimbudzi cha ana a m'mudzi wa Boulpon ku Burkina Faso ndi cha ana a mumzinda wa Florence. Ana a ku Boulpon, odya mawere, mapira, nyemba ndi masamba, anali ndi mabakiteriya ambiri ogaya ulusi wa zomera, makamaka otchedwa Prevotella, amene mwa ana a ku Florence sanaonekemo. Patapita zaka ziwiri, gulu la Jeffrey Gordon wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis linayerekeza anthu a m'midzi ya ku Malawi, a m'nkhalango ya Amazon ku Venezuela, ndi a m'mizinda ya ku America. Amalawi ndi a ku Venezuela, ngakhale atalikirana chotero, anafanana kuposa mmene aliyense wa iwo anafanirana ndi Aamerika. Anapezanso kuti kulikonse, mudzi wa mabakiteriya a mwana umakhwima n'kufanana ndi wa munthu wamkulu pofika zaka zitatu. M'mera mpoyamba: zimene zalakwika m'zaka zimenezi zimavuta kuwongola.

Komabe zimene sayansi imadziwa za matumbo a anthu inaziphunzira kumbali imodzi ya dziko. Ofufuza ena atawerengetsa mu 2022 anapeza kuti zoyezedwa zoposa 71 pa 100 zilizonse, mwa zimene kochokera kwake kumadziwika, n'za ku Ulaya, America ndi Canada. Dziko la America lokha linapereka pafupifupi theka, chikhalirecho anthu ake ndi 4 okha pa anthu 100 alionse a padziko lapansi.

Mavuto nawonso ndi osiyana. Wogula pulobayotiki ku Ulaya nthawi zambiri akudandaula kudzimbidwa, mpweya m'mimba, kapena kutsekula kobwera chifukwa cha maantibayotiki. Mwana wa kumudzi kwathu vuto lake ndi lina, ndipo lalikulu silioneka n'komwe. Khungu la m'kati mwa matumbo athanzi lili ngati thaulo latsopano, timaulusi take tili njoo, ndipo timaulusi timeneti ndi timene timayamwa chakudya. Mwana wokwawa pabwalo pamene nkhuku zimanyerapo, wotola dothi n'kuika m'kamwa, womwa madzi a pachitsime chosatetezedwa, amameza tizilombo ta m'zonyansa tsiku ndi tsiku. Mwina satsekula, koma matumbo ake amakhala otupa mosalekeza, timaulusi tija timafupika ngati ta thaulo lakutha, ndipo khungu lija limayamba kudontha. Mwana amadya, koma chakudya sichim'gwira. Akatswiri amaona kuti vutoli limayendera limodzi ndi kukwinimbira, ndiponso amalikayikira pa nkhani ya akatemera odontheza m'kamwa. Katemera wa rotavirus atayesedwa, zotsatira za 2010 zinasonyeza kuti anachepetsa kutsekula koopsa ndi 49 pa 100 ku Malawi ndi 77 pa 100 ku South Africa, pamene ku Ulaya anapitirira 90. Katemerayu, amene Malawi anayamba kupereka mu 2012, wapulumutsabe ana ambirimbiri chifukwa matendawa ndi ochuluka kuno. Koma phunziro lake n'lakuti chinthu chimodzimodzi chikalowa m'matumbo osiyana sichigwira ntchito mofanana.

Zimene zinayesedwa

Mu 2005 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ana 164 a m'mudzi wina ku Malawi, a zaka zitatu mpaka zisanu. Ena anamwa bakiteriya GG uja kwa masiku 30, ena anamwa makapisozi opanda mankhwala. Atayeza kudontha kwa matumbo, panalibe kusiyana.

Kafukufuku wamkulu anachitika kuwodi ya Moyo pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2009. Ana 795 onyentchera kwambiri, ena mwa iwo alinso ndi HIV, anapatsidwa chiponde. Kwa theka la anawo, m'chipondecho anasakanizamo mitundu inayi ya mabakiteriya pamodzi ndi ulusi wowadyetsa. Ochira anali pafupifupi 54 pa 100 mbali ya mabakiteriya ndi 51 pa 100 mbali inayo, kusiyana kochepa koti kungangochitika mwamwayi. Ku Uganda, pachipatala cha Mulago, ana 400 onyentchera anayesedwanso ndi mabakiteriya awiri otchuka. Ali m'chipatala sizinathandize, koma atatuluka masiku otsekula m'mimba anachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Ngakhale kwawo komwe, mbiri ya mapulobayotiki inagwedezeka. Mu 2018 akafukufuku awiri aakulu, wina ku America pa ana 971 wina ku Canada pa ana 886, anapeza kuti mwana wotsekula m'mimba womwa pulobayotiki sachira msanga kuposa mnzake wosamwa. Mu 2020 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusefa umboni wa zachipatala, linatsamira pa akafukufuku ochitidwa mosamala okhaokha n'kuona kuti phindu lake pa kutsekula kwadzidzidzi ndi lochepa kapena palibe.

Nkhani ikanathera pamenepa pakanapanda za ku Odisha, chigawo cha kum'mawa kwa India. Dokotala Pinaki Panigrahi sanayambire pashelefu ya sitolo. Anayambira pa vuto: makanda ambiri kumeneko amafa m'masabata oyamba chifukwa cha mabakiteriya olowa m'magazi, ndipo iye ankaganiza kuti ambiri amadzera m'matumbo. Gulu lake linasefa mabakiteriya oposa 280 kufunafuna amene angamamatire m'matumbo a khanda n'kukhazikika. Linasankha mmodzi wa banja la Lactobacillus plantarum, n'kumuphatikiza ndi shuga wina amene bakiteriyayo amadya, ngati kamba wa paulendo. Makanda 4,556 a m'midzi 149, onse oyamwa, anagawidwa pawiri. Ena anamwetsedwa kwa masiku asanu ndi awiri okha atangobadwa kumene. M'miyezi iwiri yotsatira, odwala matenda a m'magazi kapena kumwalira anali 9 pa 100 mwa osalandira ndi 5.4 pa 100 mwa olandira. Matenda a m'chifuwa nawonso anachepa. Mtengo wake unali pafupifupi dola imodzi pa mwana aliyense. Oyang'anira kafukufukuyo anamuimitsa nthawi isanakwane, poona kuti si chilungamo kupitiriza kumana makanda ena. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya Nature mu 2017.

N'chifukwa chiyani ku Blantyre zinakanika koma ku Odisha zinatheka? Ku Blantyre anatenga mankhwala opangidwa kale, opangidwira odwala ena, n'kuwapereka kwa ana amene matumbo awo anali ataonongeka, komanso ambiri akumwa maantibayotiki. Ku Odisha anasankha bakiteriya mogwirizana ndi vuto, anam'patsa chakudya chake, n'kumufikitsa pamene mudzi wa m'matumbo unali usanamangidwe, malo akadali apululu. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mapulobayotiki ambiri ali chomwecho: ofufuza a ku Weizmann Institute ku Israel anasonyeza mu 2018 kuti mwa anthu ena amangodutsa osakhazikika, eni mudzi atawakana malo. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Miyambi yonse iwiri ndi yoona. Zimatengera kuti mlendoyo ndani, wafika liti, ndipo wapeza zotani.

Phunziro la mapasa

Kafukufuku amene anatembenuza nkhani yonse anachitika kumwera kwa Malawi. Gulu la Gordon pamodzi ndi dokotala wa ana Mark Manary, amene dzina lake limadziwika pa ntchito ya chiponde, linatsatira mapasa a m'mabanja 317 mpaka zaka zitatu. Mapasa amayamwa bere limodzi, amadya m'mbale imodzi, amagona pamphasa imodzi. Komabe m'mabanja 43 pa 100 alionse, mmodzi ananyentchera kapena kutupikana mnzake ali bwinobwino. Kumudzi zotere timazipezera zifukwa zambirimbiri, zina zodanitsa abale. Ofufuzawo anatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha mapasa ena n'kuwaika m'mbewa zoleredwa mwapadera, zopanda kachilombo kalikonse m'thupi. Mbewa zimene zinalandira mabakiteriya a mwana wotupikana, zitadyetsedwa chakudya chonga cha kwawo kwa anawo, zinaonda kwambiri. Zimene zinalandira a m'bale wake wathanzi sizinaonde motero pa chakudya chomwecho. Zitapatsidwa chiponde, zoonda zija zinawongokera, koma zitabwerera ku chakudya chakale phindulo silinakhalitse. Zotsatirazi, za mu 2013, zinasonyeza kuti kutupikana si njala yokha: ndi chakudya chosakwanira chokumana ndi matumbo osokonekera.

Chaka chotsatira, gulu la Gordon, mogwirizana ndi bungwe la icddr,b la mumzinda wa Dhaka ku Bangladesh, linapeza kuti mabakiteriya a mwana wonyentchera amakhala osakhwima, onga a mwana wocheperapo msinkhu, ndipo chakudya chochizira chimawawongola pang'ono pokha. Apa ndi pamene funso linasintha. M'malo mofunsa kuti tibweretse mlendo uti, anafunsa kuti eni mudzi amene akufookawo amadya chiyani. Anayesa zakudya zopezeka m'misika ya ku Bangladesh chimodzichimodzi, mpaka anapeza msakanizo wa ufa wa tchana, soya, mtedza ndi nthochi zosapsa. Ku Mirpur, dera la anthu osauka mumzinda wa Dhaka, ana 123 a miyezi 12 mpaka 18 anagawidwa pawiri. Ena ankadya msakanizowu kawiri patsiku kwa miyezi itatu, ena chakudya chozolowereka cha mpunga, mphodza ndi mkaka waufa. Zotsatira za 2021 zinadabwitsa: odya msakanizo watsopano ananenepa mofulumirapo, chikhalirecho chakudya chawo chinali ndi mphamvu zocheperapo. Kenako zinadziwika kuti amene ankagaya kwambiri ulusi wa m'chakudyacho ndi Prevotella, yemwe uja wa ana a ku Burkina Faso, amene simungam'peze m'botolo lililonse la ku famase.

Chakudya choyamba chodyetsa mabakiteriya abwino ndi mkaka wa m'mawere. Muli mitundu ya shuga imene khanda silingagaye, koma ndi chakudya cha bakiteriya wotchedwa Bifidobacterium infantis, amene amateteza matumbo a khanda. Mu 2016 zinapezeka kuti amayi a ku Malawi amene ana awo anali okwinimbira kwambiri anali ndi mitundu ina ya shugayu yocheperapo mumkaka wawo. Ku Bangladesh, makanda onyentchera anapezeka ali ndi bakiteriyayu wochepa, ndipo atapatsidwa wochokera ku America ananenepako. Koma ofufuzawo anapezanso m'bale wake wa ku Bangladesh komweko amene amatha kudya shuga wa mumkaka komanso ulusi wa zomera, luso lofunika kumene makanda amayamba phala msanga. Mbewu ya makolo imaidziwa nthaka yake.

Kuchoka ku labotale kufika kumudzi

Bakiteriya woyenera atapezeka, patsala ulendo. Chamoyo chimafa. Kapisozi yochoka ku Ulaya, yogona padoko, yokwera lole m'dzuwa la mu Okutobala, yofikira m'sitolo momwe magetsi amathimathima, ingafike ili manda a tizilombo. Ndipo ngakhale itafika yamoyo, angaigule ndani mwezi ndi mwezi?

Njira imodzi yayesedwa kum'mawa kwa Africa. Mu 2004 yunivesite ya Western ya ku Canada inayamba ntchito ndi amayi a ku Mwanza, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania. Amayiwo amapanga yogati wotchedwa Fiti, wokhala ndi bakiteriya GR-1 amene wasayansi Gregor Reid anam'fufuza kwa zaka zambiri, n'kumagulitsa m'dera lawo. Asayansi awiri a ku Netherlands, Remco Kort ndi Wilbert Sybesma, anapita patsogolo. Umwini wa bakiteriya GG utatha mphamvu, anam'tenga monga momwe makampani amapangira mankhwala otchipa ofanana ndi odula, n'kumuumitsa pamodzi ndi mnzake wowawasitsa mkaka. Kapaketi ka galamu imodzi, kosalira firiji, kamakwanira kupanga malita 100 a yogati. Bungwe lawo la Yoba for Life laphunzitsa magulu ambiri a alimi ndi amayi ku Uganda. Ku Zimbabwe bakiteriya yemweyu anayesedwa mu mutandabota, chakudya cha mkaka wosakaniza ndi malambe. Ubwino wa njirayi ndi wakuti kuchokera kunja kumangobwera mbewu. Mkaka, ntchito ndi phindu zimatsala pamudzi. Koma tisaiwale kuti ameneyu ndi GG yemwe uja amene sanawongole matumbo a ana athu mu 2005. Yogatiyo ndi chakudya chabwino, ndipo kwa mwana wosowa zomanga thupi mkaka pawokha ndi phindu. Kunena kuti ndi mankhwala a kukwinimbira n'kupitirira umboni.

Nanga thobwa lathu, chambiko, mahewu, kapena mabisi ndi munkoyo za ku Zambia? Zili ndi ubwino wodziwika. Asidi wa chakudya chosasa amalepheretsa tizilombo tambiri toyambitsa kutsekula kuswana, n'chifukwa chake chimakhalitsa popanda firiji. Kusasa kumachepetsa shuga wa mumkaka amene akuluakulu ambiri mu Africa amawatsekula m'mimba. Chimera chimafewetsa phala popanda kuthira madzi, choncho mwana amameza chakudya chambiri m'kapu yomweyo. Koma mwa tanthauzo lija la 2001, zimenezi si mapulobayotiki. Mbiya iliyonse ili ndi tizilombo take, ta lero si ta mawa, ndipo ena amawiritsanso thobwa atathira chimera, zimene zimapha tamoyo tonse timene tinalimo. Kumpoto kwa Ghana anayesa kuchiza ana otsekula m'mimba ndi chakumwa chosasa chochokera ku phala lawo lotchedwa koko, ndipo sichinafupikitse matendawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, inde, koma nayenso ayenera kuyesedwa monga wa kunja. M'mbiya zimenezi, ndi m'matumbo a ana athu athanzi, ndi mmene muyenera kufunidwa mabakiteriya oti mawa adzakhale mapulobayotiki a kuno. Ndipo mayiko amene achokerako ayenera kudzadya nawo phindu lake, osati kudzawagula pamtengo wa golide.

Chikomekome cha mkuyu

Anthu amaganiza kuti chachilengedwe sichipweteka. Mu 2008, ku Netherlands, odwala kapamba modetsa nkhawa anapatsidwa mapulobayotiki poyembekeza kuti awateteza. Omwalira anali 16 pa 100, pamene mwa osapatsidwa anali 6. Mu 2023 bungwe la FDA la ku America linachenjeza zipatala khanda lobadwa masiku osakwana litamwalira, bakiteriya wa m'mankhwala amene linapatsidwa atalowa m'magazi ake. Chaka chimodzi izi zisanachitike, WHO inali itanena kuti mapulobayotiki angaganiziridwe kwa makanda obadwa masabata 32 asanakwane amene akumwa mkaka wa m'mawere, chifukwa amachepetsa matenda oola matumbo. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo zikutanthauza kuti imeneyi ndi ntchito ya madokotala ndi mankhwala oyezedwa bwino. Amene angapindule kwambiri, makanda osakwana masiku, ana onyentchera, anthu ofooka chitetezo, ndi omwewonso amene angavulale kwambiri.

Vuto lina n'lakuti m'mayiko ambiri mapulobayotiki amagulitsidwa ngati chakudya chowonjezera, choncho sadutsa m'sefa yothina ya mankhwala. Oyeza m'mayiko osiyanasiyana apezapo mabotolo okhala ndi tizilombo tochepa kuposa tolembedwa, kapena tina tosalembedwa n'komwe. Kumene malabotale oyezera ndi ochepa, wogula amangodalira kukongola kwa pepala.

Kusoka malaya oyenera mwini

Kukonza mapulobayotiki mogwirizana ndi mayiko osauka si kusintha chilankhulo cha pabotolo. N'kuyamba ndi vuto lenileni la kumaloko, n'kusankha bakiteriya wa vuto limenelo ndi msinkhu umenewo, kumuyesa pa ana a komweko odya zakudya za komweko, kuonetsetsa kuti afika wamoyo pamtengo wotheka, ndi kuvomera zotsatira zikasonyeza kuti walephera. Kawirikawiri yankho lingakhale losakhala pulobayotiki n'komwe, koma mbale yodyetsa mabakiteriya amene mwana ali nawo kale. Soya, mtedza ndi nthochi zili m'minda yathu. Ngati nandolo kapena khobwe angalowe m'malo mwa tchana, ndi kafukufuku wa kuno amene angatiuze, osati kungoganiza.

Palibenso bakiteriya amene angapambane ngati mwana akumezabe zonyansa tsiku ndi tsiku. Ngakhale apa njira yachidule palibe: kafukufuku wa SHINE m'midzi ya ku Zimbabwe anapeza kuti kumangira mabanja zimbudzi ndi malo osambira m'manja sikunachepetse kukwinimbira, chizindikiro chakuti ukhondo wofunika ndi woposa pamenepo.

Kwa kholo limene mwana wake watsekula usiku uno, dongosolo silinasinthe: Thanzi ORS, zinki kwa masiku 10 mpaka 14, kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndi kuthamangira kuchipatala mwana akafooka, akakana kumwa kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, bere lokha, popanda thobwa kapena phala. Katemera kusikelo. Ndalama ikakhala yochepa, igule zimenezi ndi dzira kapena nsinjiro zothira m'phala, kabotolo kadikire.

Mayi wathobwa uja sanamvepo za Metchnikoff, koma akudziwa chinthu chimene sayansi yachiphunzira movutikira, pa ana mazanamazana a ku Blantyre, ku Odisha ndi ku Dhaka. Chimera chingakhale chabwino chotani, ukachithira m'phala lowira chimafa, ukachithira m'lozizira chimagona. N'chifukwa chake asanatapeko chimera m'lichero, amayamba wapisa chala mumphika.